Magazi akuundana, omwewo akutuluka osaleka: ndimve ziti?

Gadiyani wa pa Kamwendo

Anzanga amene mumadziwa za chipatala, ndithandizeni, kuno mutu waima.

Ndikudwazika mlongo wanga, wobadwa pambuyo panga. Amayendetsa njinga yamoto ya kabaza pa Kamwendo, kwathu ku Mchinji. Anapsa ndi ekizozi pa katumba wa mwendo wamanja, kachilonda koti aliyense akanati kapola kokha. Anyamata a kabaza mukuwadziwa: anangomangapo kansalu n'kumapitiriza kunyamula anthu ndi matumba a soya m'fumbi lonse lija. Chilonda chinayamba kuchucha madzi, mwendo n'kutupa mpaka m'bondo. Kenako kunjenjemera usiku. Tonse tinati malungo, koma atamuyeza pachala malungo sanapezeke. Kutacha anayamba kubwebweta, kumandiitana dzina la malemu mayi athu, akupuma mothamanga, manja ndi mapazi zili zii. Tinathamangira naye ku chipatala cha boma. Kumeneko anamubaya jakisoni wopha tizilombo wotchedwa ceftriaxone, kumuika dripi, n'kutikweza ambulansi kubwera ku chipatala chachikulu komwe tili panopa. Akuti ndi sepsis, tizilombo ta pachilonda tinalowa m'magazi.

Chandisokoneza ndi ichi. Lachiwiri m'mawa adokotala anavundukula bulangete n'kundionetsa zala za kumapazi. Zitatu za phazi lamanzere ndi ziwiri za lamanja zasintha mtundu. Zinayamba n'kubiriwira, pano nsonga zake zada bii, zauma. Taonani, ndi phazi lamanzere lomwe, mwendo umene sunapse n'komwe. Anati magazi aundana m'timitsempha ting'onoting'ono, ku zalako sakufika. Ndinamva. Koma madzulo a tsiku lomwelo anesi akusintha kanyula, pamene anazula yakaleyo magazi sanaleke. Thonje linanyowa, anaika lina, nalonso linanyowa, mpaka anandiuza kuti ndipanikizepo ndi chala changa ndisachotse. Ndikamamupukuta m'kamwa ndi kansalu, nkhama zikutuluka magazi. Pamimba ndi m'ntchafu pabuka timadontho toderako, ukatidina sitichoka. Nditafunsa, anesi anati magazi ake sakuundana.

Ndiye ndimve ziti? M'mawa aundana, madzulo sakuundana, munthu yemweyo. Sindikuti alipo akunama, onse ntchito akuidziwa, koma pa raundi amathamanga, odwala ndi ambiri, sungafunse kawiri.

Kumudzi nkhani yapita kale kwina. Amalume akuti zala kuda mapazi onse awiri si matenda a Mulungu amenewo, alipo wamutchera pa siteji chifukwa cha njinga yatsopano. Alamu anga, akazi ake, akuloza mankhwala amene anamuikira m'dripi usiku umene BP inagwa, poti zala zinada pambuyo pake. Ine ndili pakati, ndipo mapepala ndikusaina ndine. Ndikufuna ndiwafotokozere zomveka. Komanso musandibisire: zalazi zibwerera?

Wogula soya pa Waliranji

Pepani kwambiri achemwali, Ambuye amukhudze. Ine si dokotala, koma bambo anga aang'ono atadwala mtima anawapatsa asipirini wamng'ono uja kuti magazi asamaundane, amamwa tsiku lililonse mpaka lero. Bwanji mumugulire ku famase? Muzimumwetsanso chidede ndi madzi a masamba a mapeyala, magazi abwerere. Za amalumezo sindinenapo, koma nsanje pa masiteji a kabaza iliko.

CO wa ku Kasungu

Achemwali, ine ndine CO (clinical officer), ndiyambe ndi chofulumira: asipirini ayi. Brufen, Indocid, diclofenac, zonsezo ayi. Achimwene a pa Waliranji anena ndi mtima wabwino, koma vuto la bambo awo aang'ono ndi lina. Kwa munthu amene nkhama zikutuluka magazi, asipirini amakafooketsa ma platelet (tizidutswa ta m'magazi tothandiza kuti aundane) ochepa amene atsala, ndipo enawo amapweteka impso zimene zikuvutika kale. Chilichonse chopita m'kamwa mwake, ngakhale chidede, yambani mwaonetsa anesi.

Adokotala ndi anesi onse akuuzani zoona, ndipo chamadzulocho chabadwa m'cham'mawacho. Mawu omaliza ali ndi amene agwira failo yake, ine ndingofotokoza mmene sepsis imayendera m'thupi.

Mitsempha imene mumaiona pamkono, yobayapo ija, ntchito yake n'kungonyamula magazi. Kupereka okosijeni ndi chakudya ku minofu kumachitikira m'timitsempha tosaoneka ndi maso, ma capillary. Kamodzi m'mimba mwake ndi ma micrometre 5 mpaka 10, pomwe selo lofiira la magazi ndi la 7 kapena 8. Maselo ofiira amadutsamo limodzilimodzi, nthawi zina mochita kudzipinda. Popanikiza chonchi sipafuna zambiri kuti patsekeke.

Mkati mwa mtsempha uliwonse mwayalidwa kachikopa kopyapyala kwambiri, endothelium, kokutidwa ndi kautoto koterera. Munthu akakhala bwino, kachikopa aka kamasunga madzi a m'magazi kuti asatulukire kunja, kamaletsa ma platelet ndi maselo oyera kumata pakhoma, komanso n'komwe kamadzutsa protein C, mmodzi mwa oletsa magazi kuundana mwachisawawa. Woletsa wina ndi antithrombin. Onse awiriwa amapangidwa m'chiwindi, ndipo zimenezi zikhudza funso la alamu anu.

Bakiteriya akalowa pachilonda, thupi limatseka dala timitsempha tozungulira malowo kuti asafalikire. Maselo oyera amatulutsa tissue factor, pamapangidwa thrombin, thrombin n'kusandutsa fibrinogen wa m'magazi kukhala ulusi wa fibrin, ma platelet n'kukodwa muulusimo. Zikachitikira pachilonda pokha, n'zopulumutsa. Mu sepsis zimachitika thupi lonse nthawi imodzi. Kautoto kaja kamasupuka. Makoma amayamba kudontha, n'chifukwa chake wodwala amatupa manja ndi nkhope chonsecho m'mitsempha madzi achepa. Mitsempha imalefuka chifukwa cha nitric oxide wochuluka, BP n'kugwa. Maselo ofiira amalimba, sapindikanso bwino. Timibulu tosawerengeka ta magazi oundana timatseka ma capillary m'impso, m'mapapo, m'chiwindi, muubongo, pakhungu. Choipitsitsa, thupi lili ndi njira yosungunulira timibulu totere masiku onse, koma mu sepsis njira imeneyinso limaitseka.

Inu a ku Mchinji madimba mumawadziwa. Tinene kuti munasunga matumba a mchenga oti khoma la ngalande yaikulu likabooka mutsekepo. Wina wabwera usiku, wakhuthulira mchenga wonsewo m'tingalande topita m'mabedi. Kukucha, mabedi akumapeto auma pomwe madzi mu ngalande yaikulu akuyenda, ndipo khoma likangobooka mulibe chotsekera. Mabedi oumawo ndi zala zija, pobookapo ndi pamene anazula kanyula. Ma platelet ndi fibrinogen zathera m'timitsempha, ndipo mafuta a m'mafupa ndi chiwindi akulephera kupanga zina pa liwiro limene zikuthera. Pa failo mwina mwaonapo zilembo zitatu, DIC. Ndi zimenezi.

Gadiyani amaopa kwambiri magazi otuluka chifukwa ndi amene akuwaona. Koma mu sepsis chimene chimatenga anthu ambiri ndi kutsekeka kwa mkati kuja, ziwalo n'kumasiya ntchito chimodzichimodzi. Ndikanakhala pa bedi limenelo, maso anga akanakhala pa thumba la mkodzo kuposa pa thonje. Munthu wa makilogalamu 60 timafuna atulutse mamililita osachepera 30 pa ola. Mkodzo ukamabwera, nzeru zikamabwerera, kupuma kukamadekha, ndiye kuti mkatimo mukutseguka.

Za amalume. Zala kuda mbali zonse ziwiri ndi chizindikiro chodziwika bwino cha DIC, chimachitikira anthu ku London ndi ku Mumbai amene kabaza sanakwerepo. Zala za kumapazi ndi kumanja, nsonga ya mphuno, makutu, ndi malo akumapeto, ndipo BP ikagwa thupi limayamba kumana malo amenewa magazi kuti lisunge mtima ndi ubongo. Ukanatsekeka mtsempha waukulu, ukanagwira mwendo umodzi. Pemphani anesi akugwiritseni pamwamba pa phazi: kawirikawiri mumamva mtsempha ukugunda bwinobwino pomwe chala chimene chili patsogolo pake chafa. Muwauzenso amalume kuti WHO imati mu 2017 anthu pafupifupi 49 miliyoni anadwala sepsis padziko lonse, 11 miliyoni n'kumwalira, imfa imodzi mwa zisanu zilizonse chaka chimenecho. Otchera anzawo pa siteji sangakwanitse ntchito yonseyo.

Funso la alamu anu lili ndi mutu. Mankhwala okweza BP, adrenaline kapena noradrenaline, amagwira ntchito pofinya mitsempha, ndipo akhoza kuwonjezera vuto ku zala. Madokotala amatsutsanabe kuti mbali yawo ndi yaikulu bwanji. Koma amaperekedwa kwa munthu amene BP yagwa kale moti akapanda kupatsidwa, impso ndi ubongo zifa. Komanso pali chiwindi chija. Nthawi zambiri chimavulala ndi BP yotsikayo masiku angapo zala zisanade. Chikafooka, protein C ndi antithrombin amatha pang'onopang'ono, magazi a m'zala n'kuundana popanda chowaletsa. N'chifukwa chake zala zimada mochedwa, mankhwala ataperekedwa kale, achibale n'kuloza mankhwalawo. Ine akandifunsa kuti chala kapena munthu, sindichedwa kuyankha.

Zibwerera? Pamene pada n'kuuma, ayi. Pamene pangobiriwira koma pakufunda, ndipo mukakhudza akumva, pakhoza kupulumuka. A opaleshoni sathamangira kudula. Amadikira, nthawi zina masabata, kuti malire a nyama yamoyo ndi yakufa aoneke okha, ndipo zotayika zimakonda kuchepa kuposa mmene zimaopsera poyamba. Musathowe ndi madzi otentha, musatikite, musapake kanthu. Pakhale pouma, pofundidwa mosamanga. Pakayamba kunyowa kapena kununkha, itanani anesi nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku.

Gadiyani wa pa Kamwendo

Zikomo adokotala. Ndawawerengera alamu pa foni, akhala chete, ndipo alamu anga akakhala chete ndiye kuti amva. Za phazi ndayesa. Anesi ausiku anandigwiritsa zala ziwiri pamwamba pa phazi lamanzere, ukugundadi. Mkodzo ndayamba kulemba kuseri kwa buku lake la kuchipatala akamakhuthula thumba. Usiku wathawu unali mamililita 400, wachikasu kwambiri, koma ulipo. M'mawa uno wandiitana dzina langa lenileni n'kufunsa kuti njinga ili ndi ndani.

Ndili ndi mafunso ena awiri. Ngati madzi m'mitsempha achepa, bwanji dripi akuiyendetsa dontho dontho? Tsiku loyamba lokha ndi limene anathamangitsa, kenako anachepetsa. Bedi loyandikana nafe panali bambo wotsegula m'mimba, iwo mabotolo amangosinthana. Alamu akuti mwina dripi ikusowa ndiye akutiumira. Funso lachiwiri, mankhwala osungunula timibuluto kulibe? Ngati ndi ndalama, njinga tigulitsa.

Komanso amalume aimba kuti Loweruka akubwera ndi munthu woti adzamuteme mphini kuseri kwa chipatala.

CO wa ku Kasungu

Njinga musagulitse. 400 usiku umodzi si zoipa, pitirizani kulemba.

Bambo otsegula m'mimba aja madzi ataya kunja, koma mitsempha yawo ili bwino, mukathira amakhazikika. Mlongo wanu makoma akudontha. Ambiri mwa madzi amene mwathira, pakapita maola ochepa amakhala atatulukira m'minofu ndi m'mapapo. M'mapapomo ndiye pangozi, makamaka kwathu kuno komwe makina opumira ndi owerengeka.

Ife tinkaphunzitsidwa kuti sepsis ndi kuthira madzi ambiri mwachangu, basi. Mu 2011 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa FEAST, wa ana oposa 3,000 otentha thupi ndi odwalika ku Uganda, Kenya ndi Tanzania. Mwa ana amene anathiridwa madzi mothamanga, pafupifupi 10.5 pa 100 alionse anamwalira m'maola 48, pomwe mwa amene sanathiridwe mothamanga anamwalira 7.3 pa 100. Ambiri aife sitinakhulupirire. Kenako mu 2017 kunatuluka za aneba athu ku Zambia, pa University Teaching Hospital ku Lusaka: akuluakulu oposa 200 a sepsis ndi BP yotsika, ambiri mwa iwo ali ndi HIV. Gulu limene linatsatiridwa ndondomeko ya madzi ambiri ndi mankhwala okweza BP, 48 pa 100 anamwalira m'chipatala. Gulu la chisamaliro cha masiku onse, 33 pa 100. Dripi ikufunikabe, poyamba paja imapulumutsa. Koma timathira, kuyang'ana, kumvetsera m'chifuwa, n'kuchepetsa. Zimene mwafotokozazo zikumveka ngati anthu amene akuchita dala.

Njira imodzi imene timayang'anira mukhoza kuidziwa nanunso. Dinani chikhadabo cha chala cha kumanja kwa masekondi atatu mpaka chiyere, siyani, werengani kuti kufiira kubwerere. Kukapitirira masekondi 3, magazi m'timitsempha sakuyenda bwino. Ili mu ETAT, maphunziro osankhira ana odwalika pamzere, amene Prof. Elizabeth Molyneux ndi anzake a ku Queens anathandiza kukhazikitsa. Chenjezo: m'mawa wa mu June manja a aliyense amazizira, ndiye yambani mwalifunditsa dzanjalo m'manja mwanu. Mabuku a azungu amakambanso za mawangamawanga a pamabondo, koma pa khungu lathuli saoneka bwino. Ife timayang'ana m'zikhatho, kumapazi, m'kamwa ndi kunsi kwa zikope.

Za mankhwala osungunula, anthu anayesa. Kampani ya Eli Lilly inapanga protein C wa m'botolo, Xigris, amene analoledwa mu 2001 ndipo ankadula koopsa. Mu 2011 anamuchotsa pamsika, kafukufuku wamkulu ataonetsa kuti sakuchepetsa imfa. Heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana, alipo, ndipo wodwala wogonera pabedi timamubaya wochepa kuti mitsempha ikuluikulu ya m'miyendo isatsekeke, koma osati ma platelet ali pansi ndipo nkhama zikuchucha. Mankhwala amphamvu osungunula aja, amene amaperekedwa kwa ena a sitiroko, kwa iyeyu akhoza kutsegula magazi m'mutu.

DIC imaleka chimene chaiyambitsa chikatha. Ndiye funso loti mufunse pa raundi ya mawa ndi la chilonda chija. Kodi chatsukidwa mpaka pa nyama yamoyo? Kodi pansi pa khungu lotupalo palibe mafinya obisala? Jakisoni yekha safika bwino m'nyama yakufa. Akanena kuti akufuna kupita naye ku fiyeta kukachikonza, sainani.

Mzamba wopuma ntchito, Kapiri

Mwana wanga, ndaona za Loweruka ndiye ndati ndisagone nazo. Lezala lisayandikire thupi limenelo. Singano ya kanyula, kaboo kosaoneka, mwaona nokha mmene inavutira kutseka. Mphini khumi pa miyendo yomwe magazi sakuyenda bwino zidzachucha osaleka, sizidzapola, ndipo mudzakhala mwatsegulira tizilombo tina makomo khumi. Amalume musakangane nawo pagulu, mkulu sachititsidwa manyazi. Akafika muwatengere kwa asisita oyang'anira wodi, amve kwa mwini ntchito. Ngati akufuna kupemphera kapena kumangirira kanthu ku mwendo wa bedi, asiyeni. Chodula khungu ndi chakumwa chokha ndi chimene mukane.

Ine DIC ndinaidziwira ku matenite. Kwathu kuja imabwera ndi nkhope ina. Nsengwa ikamatuka mwana asanabadwe, kapena mayi akataya magazi ambiri atabereka, kutuluka ndi kumene kumatsogola, ndipo kumathamanga. Magazi amagwera m'beseni n'kukhala amadzimadzi, osapanga mibulu. Mzamba aliyense amene anaonapo beseni lotere saiwala. Ya sepsis yomwe a CO afotokozayi imayenda mwakachetechete, imayamba n'kutseka impso ndi mapapo.

Tinalibe makina, tinali ndi kabotolo ka galasi. Umatenga mamililita 2 a magazi a mumtsempha, kuthira m'kabotolo kouma, koyera, kopanda mankhwala, n'kukafumbata m'dzanja kuti kafunde. Pakatha mphindi 4 umapendeketsa pang'ono, kenako mphindi iliyonse. Zikakwana mphindi 7 magazi asanaundane, kapena m'bulu wake uli wofewa wongophwanyika, umadziwa kuti zoundanitsa zatha, uyambe kuitanitsa magazi ndi ambulansi. Njira imeneyi ili m'buku la WHO la azamba, ndipo ikugwirabe ntchito magetsi akazima.

Poti azimayi ambiri awerenga pano, ndionjezere. Mayi amene wangobereka kumene, kapena amene padera pamuchitikira, akayamba kutentha thupi, kumva kuwawa m'chinena, kumaliseche kukutuluka zonunkha, amenewo si malungo a m'chikuta oti adikire. Ndi njira yomweyi imene yatenga mlongo wanuyu, kungoti khomo lake ndi chiberekero. Ndinaonapo atsikana obisa chifukwa choopa kufunsidwa kuti mimba inathera kuti. Pofika kwa ife mkodzo unali utasiya kale.

Wa ku labu

Ndionjezere za ku mbali yathu, poti gadiyani amangoona tikutenga magazi m'mawa uliwonse osadziwa kuti tikufunamo chiyani.

Kabotolo ka chitsekerero cha pepo kaja ndi ka FBC, kuwerenga maselo a m'magazi. Pa pepala la zotsatira funani mzere wolembedwa PLT, ndiwo ma platelet. Munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 150 ndi 450, kutanthauza masauzande pa microlitre imodzi. Nambala ya tsiku limodzi siinena zambiri, chofunika ndi kumene ikulowera. 40 amene dzana anali 90 ndi nkhani ina, 40 amene dzana anali 20 ndi nkhani inanso. Pemphani anesi akuuzeni ya tsiku lililonse, muzilemba pafupi ndi mkodzo uja. Ikayamba kukwera yokha popanda kumuika ma platelet, ndiye kuti kuthera m'timitsempha kuja kwaleka.

Tikapaka dontho pa galasi n'kuika pa maikulosikopu, nthawi zina kuwonongekako timakuona ndi maso. Maselo ofiira amayenera kukhala ozungulira, otuwa pakati. Mwa wodwala DIC mumapezeka ena oduka pakati, ena a ngodya zitatu, ena a tinyanga tiwiri. Adulidwa ndi ulusi wa fibrin pokakamizika kudutsa m'timitsempha totsekeka theka. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene magazi ake angachepere ngakhale zimene mwaona zikutuluka ndi za pathonje chabe.

Malungo anachita bwino kuyeza, ndipo akabwereza musadabwe. Nawonso amagwetsa ma platelet, ndipo malungo aakulu amagwira malo omwewa: maselo ofiira okhala ndi tizilombo ta malungo ta falciparum amamata m'makoma a timitsempha. Ku Blantyre, kumene Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux anapangira Blantyre Coma Score, muyeso wa kukomoka kwa mwana, madokotala anaphunzira kuunika kuseri kwa diso la mwana wokomoka, chifukwa m'menemo timitsempha timaoneka ndi kuwonongeka kwake komwe. Kafukufuku wa kumeneko wa 2013 anapezanso kuti muubongo wa ana a malungo a m'mutu, makoma a timitsempha amataya pogwirira protein C yemwe uja a CO anena.

Wina afunsa kuti bwanji osangomuika ma platelet. Amaikidwa munthu akamataya magazi kwenikweni nambala ili pansi pa 50, kapena akamapita ku fiyeta, kapena ikagwa kufika cha m'ma 10 ngakhale asakutaya. Kupanda apo, mukaika lero mawa athera momwe munathera oyamba aja. Komanso ndi osowa. Magazi wamba amakhala m'furiji masiku 35, plasma (madzi a m'magazi) youmitsidwa imatha chaka, koma ma platelet amasungidwa pa madigiri 20 mpaka 24, akugwedezedwa usana ndi usiku, ndipo pakatha masiku 5 amatayidwa. Amachokera ku Malawi Blood Transfusion Service, yomwe magazi ake ambiri imatolera kwa ana asukulu, ndiye nthawi ya holide mashelefu amapepuka. Anyamata a pa siteji ya mlongo wanu ngati akufuna kuthandiza mnzawo, kupereka magazi kungaphule kanthu kuposa chidede.

Ngati anatenganso magazi m'botolo lalikulupo lokhala ndi madzi mkati, imeneyo ndi culture, yomeretsa bakiteriya kuti tidziwe mtundu wake ndi mankhwala amene angamuphe. Imatenga masiku angapo. Ceftriaxone sakugwiranso paliponse monga kale. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome atawerengera magazi oyezedwa ku Queens kuyambira 1998 mpaka 2016, anapeza kuti pofika kumapetoko pafupifupi 30 pa 100 a bakiteriya otchedwa E. coli ndi 90 pa 100 a otchedwa Klebsiella anali osamva mankhwala a gulu la ceftriaxone. Pa chilonda cha pakhungu olakwa amakonda kukhala Staphylococcus kapena Streptococcus, koma munthu amene wagona ndi kanyula ndi paipi ya mkodzo akhoza kutolanso ena. Choncho mukaona asintha jakisoni pakati pa njira, alamu asaganize kuti woyamba uja anali wolakwika. Funsani ngati zotsatira za culture zatuluka, ndipo dzina la kachilomboko alilembe m'buku lake la kuchipatala, lidzathandiza amene adzamuone ku Mchinji mukatuluka.